Makilo Seveni a ku Joni

Lachiwiri masana, a Wilson Nampinga, amene anakalambira pa ntchito yoyeza masamba a tiyi ku esiteti, anakoleka sikelo yawo panthambi ya mtengo wa mapeyala n'kukhala pansi kudikira asewere awo. Asewere awowo, mayi Estele Muhiwa, anali oti mawa lake akwera ndege koyamba, kupita ku Joni kukaona mdzukulu woyamba wa onse awiri, ndipo tikiti yotchipa imene ana anagula inkangolola chikwama chimodzi cha makilo seveni.

Kunsi kwa mpando wa a Wilson kunali kaphukusi. Munali shawelo imene akazi awo, malemu Dyna, analuka chaka chimene anamwalira, n'kunena kuti idzakhale ya mwana woyamba wa Simon, mwana wawo wamwamuna. Inkalemera hafu kilo. Anali ataiyeza katatu m'mawa umenewo. Kupempha sankakudziwa a Wilson, makamaka kupempha mayi amene anakoleka dengu pa sikelo yomweyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kumawatchula mbava tsiku ndi tsiku. Ndiye anakonza nzeru yoti atsitse chikwamacho chifike pa sikisi ndi hafu, kenako angonena ngati zongokumbukira kuti patsala kamalo.

"Odi kuno kwa akuba!"

"Fikani, asewere. Kuno ndi kwa Nampinga."

"Ndi zomwe ndanenazo."

Mayi Estele anatula chikwama cha mizeremizere chimene anasenza kuchokera ku Likhubula. Chinagwa kuti dii, nkhuku zimene zinkatola pabwalo n'kumwazikana.

A Wilson anavala magalasi n'kutambasula pepala. Simon anali atatumiza malamulo a ndege pa foni, koma iwo anakawasindikiza ku Chitakale, chifukwa mawu a pa foni sankawakhulupirira.

"Apa akuti chikwama cha m'manja," anatero.

"Manja ake a ndani? Angawa amachikwanitsa."

"Akuti chisapitirire makilo seveni."

"Ndiye ndabwereranji kuno? Kudzakuonani nkhope? Kolekani."

A Wilson anagwira chikwama ndi manja awiri, n'kubuula. Chikwama sichinasunthe. Mayi Estele anawakankhira pambali ndi chigongono, n'kuchikoleka okha pa ngowe ndi dzanja limodzi. Nkhope ya sikelo inali itayang'ana kwa a Wilson, monga inkakhalira ku esiteti. Anagogoda galasi lake kawiri ndi chala, n'kudikira muvi ukhazikike.

"Thwelofu."

"Thwelofu chani?"

"Makilo."

"Eee! Koma abale! Zaka zonse zija ndikukolekerani dengu lodzaza mpaka pakamwa, munkachita kutafuna nambala ngati nyama ya tambala wokalamba. Lero lokha thwelofu wangotuluka ngati chifuwa!"

"Ine sindinena, asewere. Imanena ndi sikelo. Ine ndimangowerenga."

"Chabwino. Chotserani tsopano."

"Ndichotsere chani?"

"Ya dengu. Mwaiwala? Kilo imodzi ya dengu inkachoka musanalembe n'komwe."

"Kampani inkagula masamba, osati dengu. Ndege inyamula zonse, chikwama ndi zam'kati."

Mayi Estele anaika manja m'chiuno.

"Ndimve bwino. Pamene ndinkafuna kuti dengu liwerengedwe, silinkawerengedwa. Lero ndikufuna lisawerengedwe, likuwerengedwa."

"Inde."

"Ndiye kuti uku ndi uku woluza ndi Estele."

A Wilson anaganizira kaye, chifukwa sankafuna kuyankha molakwa.

"Inde," anatero.

"Asa! Sikelo yanuyi, a kalaliki, palibe wosaidziwa. Kuyambira kuno mpaka ku Muloza aliyense amadziwa kuti imadya. Makilo awiri pa dengu lililonse, kumeza osatafuna."

"Ngati imadya awiri, ndiye kuti chikwamachi ndi fotini."

Nkhuku imodzi inabwerera kudzasuzumira chikwama.

"Wanena kuti imadya ndani?" anafunsa mayi Estele.

"Inu. Pompano."

"Ndimanena nthawi ija ili kamtsikana. Panopa yakalamba, mano anatha. Masiku ano imalavula. Ikati thwelofu, dziwani kuti ndi teni."

"Sikelo ilibe mano. Ili ndi sipuling'i. Ndimaithira mafuta Loweruka lililonse."

"Ndiye mwaithira ambiri, ikuterereka."

"Ngakhale atakhala teni, teni si seveni."

Mayi Estele anadzikokera chitsa n'kukhalapo. Anayang'ana pepala lija ngati munthu amene wabwera kudzalanda mbuzi.

"Kodi ndege yake ndi yaing'ono bwanji? Mlongo wanga amakwera phiri ili mpaka ku Chambe atasenza katundu wa azungu awiri, m'mimba muli chinangwa chimodzi. Ichi chili ndi mainjini, mapiko, woyendetsa wophunzira, chikulephera makilo thwelofu?"

"Sichikulephera. Ndi tikiti. Simon akuti ndi yotchipa chifukwa anachotsamo zina ndi zina."

"Anachotsamo chani china? Mpando ulimo?"

A Wilson anatsata mizere ndi chala.

"Ulimo. Koma simusankha."

"Chakudya?"

"Mukagula m'mwambamo."

"Chimbudzi?"

Chala chinatsika mpaka pansi pa pepala, n'kukweranso. Anatembenuza kuseri.

"Silikunena."

"Mayo ine! Anthu ngati andikweza basi bwenzi pano ndikumanga thumba la ufa. Basi ya ku Joni simakana katundu, ngakhale machira imanyamula."

"Basi ndi masiku awiri. Mwana wanu Rosie anati maondo anu sangapirire."

"Maondo anga anapirira inu."

Kenako nkhope yawo inawala. Anawomba m'manja kamodzi.

"Ndapeza! Ndichifukata pamiyendo."

"Ndiye?"

"Ndiye chani? Munakwerapo minibasi inu? Katundu wa pamiyendo salipitsa. Kondakitala amalipitsa wa kubuti ndi wa pansi pa mpando. Wa pamiyendo ndi wa mwiniwake. Ndege inyamule ine, ine ndinyamule chikwama. Aliyense ndi katundu wake."

"Koma inuyo mukhala pampando."

"Eya."

"Mpando uli mundege."

"Ndikhala panja ngati?"

"Ndiye kulemera kuchoka pachikwama, kulowa m'miyendo, kutsikira pampando, kukafika pandege."

"Kudutsa mwa ine osandiuza?"

"Kulemera sikupempha."

"N'chimodzimodzi eni sikelo," anatero mayi Estele. "Nanga anthu amawayeza?"

"Pepala silikunena."

"Ndiye a Pilato a m'butchala aja, amene njinga ya kabaza imachita kuwathawa, akakwera ndi mimba yawo yonse ija palibe mlandu. Ine wouma ngati bango, ndikangowonjezera zinanazi ziwiri, ndege igwa?"

A Wilson anakweza mutu.

"Muli zinanazi?"

"Sindinanene."

"Mwanena ziwiri."

A Wilson anatsitsa chikwama n'kutsekula zipi. Pamwamba penipeni panali zinanazi ziwiri zazikulu, zakupsa bwino, fungo lake mpaka kukhitchini.

"Ku Joni kuli zinanazi," anatero a Wilson.

"Za madzi okhaokha. Rosie anandiuza. Akuti ukadya umachita kufunsa kuti ndadya chani."

"Izi ndi makilo atatu."

"Ndizisenda. Makoko ndiwo amalemera."

"Zikafika mawa madzulo zitasasa, zovala zonse zitanyowa."

"Ndikasendera komweko ku Chileka, pamzere."

"Mpeni saloleza. Mzere wachinayi."

"Mano amaloleza?"

A Wilson anayamba kutsata mizere.

"Siyani, siyani! Musafufuze, mungapeze kuti nawonso anawachotsa pa tikiti." Anazitulutsa zinanazizo mmodzimmodzi ngati akupereka ana kwa adani. "Kolekani."

Gogodu, gogodu pagalasi.

"Naini."

A Wilson anawerengera chamumtima. Panatsala awiri ndi hafu. Anasuzumira kunsi kwa mpando kuti aone ngati kaphukusi kadakalipo, ngati kuti kakanapita kwina.

"Mukuyang'ana chani pansipo?"

"Nyerere."

"Hmm. Tsopano ndazindikira. Chilichonse chotuluka m'chikwamamu chikutsala pakhomo panu pano. Ndi nzeru yake imeneyi eti? Mukufuna zinanazi za ulere."

"Zinanazi zimandipweteka m'kamwa."

"Mugulitsa."

"Ndikazisiya kwa mlongo wanu. Ndikulemberani risiti ngati mukufuna."

"Ndi dzanja lomwe lija? Ayi, zikomo."

Dzanja la a Wilson linali litalowanso m'chikwama. Linatuluka ndi botolo la pulasitiki lotsekedwa ndi kansalu pakamwa.

"Ichi?"

"Thobwa. Lotsitsa mkaka. Mukufuna mdzukulu wanu aziyamwa mphepo?"

"Zamadzi saloleza kupitirira kabotolo kotere." Anasonyeza ndi zala ziwiri.

"Si madzi. Ndi thobwa."

"Akuti chilichonse chothirika."

"Langa silithirika. Umachita kuligwedeza, kulinyengerera."

A Wilson anapendeketsa botolo. Thobwa linayenda.

"Likuthirika."

"Mwaliopseza ndi nkhope yanuyo. Bweretsani kuno!"

Analanda botolo, n'kuchotsa kansalu, n'kuyamba kumwa. Anamwa osapuma, diso limodzi lili pa a Wilson, mpaka pansi pa botolo panayang'ana kumwamba. Anapukuta pakamwa ndi chitenje.

"Eya. Tione ngati akandilande. Likwera ndege lili m'mimba."

"Ndege ndi mawa masana."

"Ndiye?"

"Pofika mawa masana lidzakhala litatsika kale."

"Zimenezo ndi za ine ndi thobwa langa. Kolekani."

"Eyiti."

Nthawi imeneyo phiri linali litabisala. Mtambo unatsika mwakachetechete kudzera m'minda ya tiyi, ndipo chiperoni chinayamba kuwaza timadzi take tosamveka, tija timanyowetsa munthu asanadziwe kuti kukugwa mvula. Mayi Estele anadzambatuka, n'kuvula chitenje chapamwamba, n'kufunditsa chikwama ngati khanda.

"Chinyowa! Chilemera! Bweretsani ambulera, a kalaliki, musangoti maso tuzu!"

A Wilson anabwera nayo ambulera n'kuigwira pamwamba pa chikwama, iwo eni akunyowa.

"Kale mvula ngati iyi munkaiimbira nyimbo," anatero. "Mzere wonse wa otchola."

"Tinkaimbira Mulungu."

"Nyimbo yake inkayamba pokhapokha masamba akanyowa."

"Mulungu amatamandidwa nthawi ya madalitso. Ndipo inu munkatilanda madalitsowo. Makilo awiri a chinyezi, mvula ikangodutsa ngakhale kutsidya kwa mtsinje. Ndiye lero kwagwa. Chotserani a chinyezi."

"Mundege simugwa mvula."

"Ikadutsa m'mitambo. Mvula imachokera kuti?"

A Wilson anaona kuti funsolo linali ndi mutu, ndipo zinawavuta mumtima.

"Mazenera amakhala otseka," anatero pomaliza.

"Pa tikiti yotchipa? Mwaona papepala kuti mazenera alimo?"

A Wilson anapereka ambulera kwa eni chikwama n'kugwada. Anatulutsa madiresi awiri, yunifomu ya kumvano, buku la nyimbo, kathumba ka makaka. Kenako kathumba kena kolemera, komangidwa kawiri.

"Chimenecho musakhudze," anatero mayi Estele, mawu atasintha pang'ono. "Ndi kalongonda. Rosie sanapemphe china chilichonse. Anati amayi, zina zonse musiye, koma nyemba zakwathu zija ndimazilota."

A Wilson anakaika pambali mwaulemu. Anapisanso dzanja mpaka pansi penipeni, ndipo zala zawo zinakhudza chinthu chozizira, cholimba. Anachitulutsa pang'onopang'ono, n'kuchikweza m'mwamba ngati mlaliki amene wapeza vesi.

"Mwala."

"Ndi wokwechera mapazi."

"Pansi pa katundu."

"Ndiuike pamwamba uphwanye makaka? Ndi wa mumtsinje wa Likhubula umenewo. Ku Joni akuti m'bafa ndi moterera ngati mbale, ulibe pokwecha. Mwana wanga zidendene zang'ambika."

"Chaka cha nainte eyiti munanenanso choncho."

"Chaka cha nainte eyiti unalinso wokwechera mapazi."

"M'dengu la masamba a kampani?"

"Nanga mapazi ndinkawasiya kunyumba?"

"Kapitawo anapeza itatu."

"Tinali anthu ambiri pabanja."

A Wilson anauyeza mwalawo m'dzanja.

"Kilo yathunthu."

"Aaa! Lero mwavomera kuti ndi kilo? Tsiku lija munati mwala suwerengedwa."

"Sunali tiyi."

"Lero wasanduka tiyi?"

"Lero wasanduka katundu."

"Mwala umodzi, malamulo awiri. Koma dziko ili!" Anaulanda n'kuuponya kutsinde kwa mtengo. "Ukhale pomwepo. Ndikadzabwera ndidzaupeze, ndipo ndidzauyeza kwina. Ndikadzapeza wachepa, tidzaonana."

Mayi Estele anabwezera zonse m'chikwama, kalongonda pakati pa madiresi. Anakoleka okha, n'kubwerera pansi pa ambulera.

Muvi unagwedezeka, unagwedezeka, n'kuima pa seveni. Osapitirira, osaperewera. Pa moyo wawo wonse a Wilson sanaonepo seveni woongoka chotero.

A Wilson anakonza magalasi.

"Bwanji mutachotsa buku la nyimbo?" anatero. "Nyimbo zonse mumazidziwa pamtima."

"Yanena chani sikelo?"

"Kapena diresi limodzi. Kumeneko akakugulirani."

"Ndafunsa kuti yanena chani."

"Ndi bwino kusiya kamalo. Masikelo amasiyana."

"Ha! Lero masikelo amasiyana? Si inu munkati kilo ndi kilo, kuno ndi ku Mangalande komwe? Pepala likuti seveni. Ine ndipereka seveni. Sindipatsa ndege ngakhale nyemba imodzi ya basela. Werengani."

A Wilson anayang'ana muvi. Anaganiza za kaphukusi kunsi kwa mpando. Mawu opempha anakwera mpaka pakhosi, n'kupeza kuti njira sakuidziwa, n'kubwerera. M'malo mwake munatuluka ena.

"Seveni ndi hafu."

Anawanena akuyang'ana nkhuku.

Mayi Estele sanakuwe. Zimenezo ndi zimene zinawapweteka a Wilson. Anangotsitsa chikwama, n'kukhala pachitsa, n'kuyang'ana zotsala. Anakweza yunifomu, n'kuibweza. Anakweza makaka, anali opepuka ngati mapepala. Kenako anamasula mfundo ziwiri za kathumba ka kalongonda, n'kutapa dzanja limodzi.

"Ndikamuuza kuti chaka chino sizinabereke," anatero chapansipansi.

"Osati nyembazo," anatero a Wilson mwachangu. "Bukulo. Bukulo ndi lolemera."

"Ndikafike kwa eni dziko wopanda buku, azikati apongozi a Simon ndi achikunja?"

"Ndiye diresi."

"Ndi awiri okha. Lina ndikachapa, ndivale chani? Pepala lanulo?"

Dzanja lodzaza nyemba linaima m'malere. Mayi Estele anapendeketsa mutu. Anawayang'ana a Wilson kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato.

"Asewere."

"Wawa."

"Kukuzizira chonchi, thukutalo likuchokera kuti?"

"Ndi chiperoni."

"Chiperoni chimagwa pansi pa mphuno pokha?"

A Wilson anapukuta.

"Ndipo simunagogode galasi."

"Ndinagogoda."

"Simunagogode. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikumva kagogodedwe kameneko, mpaka kutulo. Lero mwanena nambala musanagogode, maso ali pa nkhuku."

Anabwezera nyemba zonse m'kathumba, ngakhale imodzi imene inagwa pansi anaitola n'kuipukuta. Anamanga kawiri, anatseka zipi, anakoleka chikwama. Kenako anachita chinthu chimene wotchola tiyi aliyense ankachilakalaka koma palibe anayesapo: anagwira sikelo ndi manja awiri n'kuitembenuzira nkhope kwa iwo.

"Asewere, zimenezo saloleza..."

"Pano si pa esiteti. Chokani pakuwala."

Anatsinzina diso limodzi. Anagogoda galasi kawiri.

"Sukulu sindinapite patali," anatero pang'onopang'ono, "koma seveni ndimamudziwa. Ndi uja ali ngati khasu. Muvi uli pa khasu. Hafu wanu ali kuti?"

A Wilson anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Palibe."

"Palibe?"

"Ndi seveni."

"Ndiye munanama."

"Ndinanama."

Nthungululu imene inatuluka pamenepo inadzutsa agalu mpaka kumsewu. Mayi Estele anataya ambulera, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kuzungulira mtengo wa mapeyala akuvina, mvula ikuwawaza.

"Ndawagwira! Anthuni, bwerani mudzaone! Ndawagwira a kalaliki, dzanja lili m'dengu! Mkulu wa mpingo! Mayo, akanakhala moyo anzanga aja! Ndikadutsa kumanda ndisanakwere minibasi, ndikawauze akazi onse a mzere wathu kuti gonani bwino, tinkanena zoona!"

"Chonde, tsitsani mawu."

"Nditsitse? Ndege ikhoza kundisiya, ndilibe nazo kanthu! Lero ndiye Khirisimasi yanga!"

"Ndi koyamba."

"Mbava iliyonse ikagwidwa ndi koyamba."

"Ine ndikunena zoona. Ku esiteti sindinachotsepo ngakhale tsamba limodzi kunja kwa lamulo."

"Kanene kwa abusa. Tsopano ndiuzeni, chifukwa mutu wanga sukumvetsa. Hafu kilo ya masamba munkagulitsa kwa azungu, imeneyo ndikumva. Nanga hafu kilo ya mphepo m'chikwama changa mukanapita nayo kuti? Mwagwirizana ndi woyendetsa ndege? Akupatsani zingati?"

A Wilson anawerama, maondo akulira, n'kutulutsa kaphukusi kunsi kwa mpando. Anakagwira ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, osadziwa kokapereka.

"Ndimafuna malo a ichi."

"N'chani?"

"Hafu kilo."

"Sindinafunse kulemera kwake, bambo inu. Ndati n'chani?"

"Amake Simon anasiya. Anati ya mwana woyamba."

Mayi Estele anapukuta manja pachitenje, mbali zonse ziwiri, asanalandire. Anamasula kaphukusi. Shawelo inali yoyera, m'mphepete mwake muli mizere iwiri yachikasu, ndipo pakona imodzi maluko anali otakasuka pang'ono, pamene manja a wolukayo anayamba kutopa.

Mayi Estele anasisita pakona pajapo ndi chala.

"Ulusi uwu tinakagula limodzi ku Limbuli," anatero. "Anakana wabuluu. Anati sitidziwa chimene Mulungu adzapereke."

"Inde."

"Ndiye inu, m'malo monena kuti asewere, tengani ichi, mwandimwetsa thobwa lonse lija?"

"Thobwa munamwa nokha."

"Mukanandichotsera nyemba za mwana wanga."

"Ndinati buku."

"Pakamwa mulipo, lilime lilimo, Chingerezi mumachidziwa. Chinavuta n'chani?"

A Wilson anayang'ana phiri, koma phiri linali lisanabwerere.

"Mukanakana," anatero.

"Ndikanakana, inde. Kenako ndikanatenga. Simudziwa kuti zimayenda choncho? Munakhala bwanji pabanja zaka zonse zija?"

"Amake Simon ankangodziwa okha."

"Anavutika mayi uja."

Anakung'unta shawelo mofatsa, n'kulowa nayo pakhonde pouma. Anaiponya kumsana, n'kuikulunga m'mapewa, n'kuipinda pachifuwa. Anatembenuka uku ndi uku ngati ali pagalasi.

"Akuti mwezi uno ku Joni kumazizira kuposa kuno. Tatengani pepala lanulo. Likuti chani pa zimene munthu wafunda?"

A Wilson anatsata mizere ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatembenuza. Anayambiranso.

"Silikunena."

"Ndiye?"

"Ndiye kuti... sayeza."

"Sayeza. Ndifunda kuchokera pano mpaka pakhomo pa Simon, ndikavula n'kufunditsa mwana. Chikwama seveni, nyemba zonse, buku lomwe. Inu zimenezi simunaziganizepo?"

"Ayi."

"Masiku angati mwakhala mukukonza chiwembu chanuchi?"

"Sabata ziwiri."

"Sabata ziwiri! Kubera nkhalamba malo amene simumawafuna n'komwe!"

Anatsitsa chikwama pa ngowe n'kuchiika pamutu. Anapinda m'mphepete mwa shawelo kuti isakhudze chonyowa, n'kutola ambulera ya a Wilson osapempha. Atafika pachipata anaima, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono, chikwama chikupukusika nawo.

"Mwandichititsa manyazi, asewere. Kumanda kuja sindipitanso."

"Chifukwa?"

"Ndikawauze chani anzanga? Zaka zonsezi ndakhala ndikulalikira kuti ndinu mbava yaikulu ya m'boma lino. Kani munthu wake ngakhale kuba simudziwa!"